Dzuwa Lapendeka Akadali M'munda



Mthenga Wabwino wa lero, wolembedwa ndi Mateyo Woyera pa mutu 20, ukutisimbira za mwini munda wa mphesa amene adatuluka m'mamawa kukalemba aganyu. Adapangana nawo malipiro a tsiku limenelo, nawatumiza kumunda. Adatulukanso dzuwa litakwera, kenaka masana, ndiponso chakumadzulo kutangotsala ola limodzi kuti anthu aweruke, ndipo onse amene adawapeza akusowa ntchito adawalemba. Madzulo adaitana kapitao wake kuti alipire onse, osasiyapo ndi mmodzi yemwe. Pa fanizo limeneli Ambuye Yesu ankaphunzitsa za kukoma mtima kwa Mulungu. Koma tikaliyang'anitsitsa tipezamo zinthu ziwiri zimene mwini munda sadaziphonye: pangano la malipiro lidachitika ntchito isanayambe, ndipo malipiro adaperekedwa tsiku lomwelo, monga momwe buku la Deuteronomo, mutu 24, limalamulira kuti waganyu wosauka asagone ndi ngongole ya thukuta lake m'manja mwa bwana.

Lero tiyeni tilingalire za antchito ena amene adalowa m'munda m'mamawa wa moyo wawo, ndipo dzuwa lapendeka akadali momwemo. Tikunena akuluakulu amene adafika zaka zopumira pa ntchito koma akugwirabe ntchito yolembedwa, ndiponso za ndalama ya penshoni imene imadulidwa pa malipiro awo.

Akuluakulu amenewa tonse timawadziwa. Ndi mphunzitsi amene adapuma m'boma atakwanitsa zaka 60, koma lero akugwirabe choko pa sukulu ya mpingo kapena ya munthu wamba. Ndi namwino wa imvi amene chipatala chamuitananso chifukwa manja ndi ochepa. Ndi mlonda amene amachezera pa chipata cha malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, mphepo ya mwera ikumulowa m'mafupa. Ndi kalaliki wa pa esiteti ya fodya ku Namwera, ndi mmisiri wa injini za maboti ku Monkey Bay amene achinyamata amathamangirabe kwa iye injini ikakana kulira. Ena mwa iwo akugwirabe chifukwa luso lawo likufunika ndipo mtima sukuwalola kukhala pakhonde. Koma ambiri akugwira chifukwa cha mtolo umene ali nawo. Matenda a Edzi adatenga ana awo ambiri m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, nkuwasiyira zidzukulu zoti adyetse ndi kuphunzitsa. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, kotero kuti penshoni imene dzana inkakwanira ufa, sopo ndi mchere, lero ikutha mwezi usanafike pakati.

Ambiri a ife tikamva mawu akuti penshoni timaganiza za mphatso imene bwana amapereka potsazikana ndi wantchito wokhulupirika. Maganizo amenewa ndi amene amachititsa munthu manyazi pofunsa chinthu chake chomwe. Penshoni ndi gawo la malipiro a munthu limene limaikidwa padera mwezi ndi mwezi, monga momwe mayi wanzeru amapatulira chimanga cha mbewu nkuchipachika pautsi kuti ana asachikazinge. Mwini wake wa mbewuyo ndi amene adalima. Woisunga ndi kapitao chabe, ndipo adzayankha pa njere iliyonse.

Chaka cha 2011 chisanafike, bwana wa kampani kuno ku Malawi ankatha kusankha yekha kukhala ndi thumba la penshoni kapena ayi, ndipo antchito ambiri ankabwerera kumudzi chimanjamanja. M'chaka chimenecho Lamulo la Penshoni lidayamba kugwira ntchito, ndipo m'chaka cha 2023 lina latsopano lidalowa m'malo mwake. Lamuloli likuti pa K100 iliyonse ya malipiro, wantchito adulidwe K5, ndipo bwana aonjezepo K10 yochokera m'thumba mwake. Ndalama zonsezi ziyenera kufika ku thumba la penshoni pasanathe masiku 14 mwezi utatha. Woyang'anira kuti zimenezi zikutsatidwa ndi Mkulu wa Banki Yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi. Bwana ayeneranso kugulira wantchito wake inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi, kuti wantchitoyo akamwalira ali pa ntchito, a m'banja lake asatsale padzuwa.

Tiyeni tiwerengere limodzi kuti timvetse kukula kwake. Tiyerekeze munthu amene amalandira K200,000 pa mwezi. Iye adulidwa K10,000, bwana aonjeza K20,000, ndipo pamodzi ndi K30,000. Pa chaka ndi K360,000. Munthuyo akagwira zaka 5, ndalamayo ifika K1,800,000, osawerengera phindu limene thumba limapeza poigwiritsa ntchito. Kwa gogo amene akulera zidzukulu, imeneyi ndi malata a nyumba yake, ndi fizi ya mwana wa ku sekondale, ndi mankhwala a matenda a ukalamba.

Tsono funso limene akuluakulu ambiri amafunsa ndi ili: ine ndidapuma kale, ndalembedwanso ntchito kwina, kodi ndiyeneranso kudulidwa? Lamulo lathu limalola kuti zaka zopumira zikhale pakati pa 50 ndi 70, malinga ndi malamulo a thumba la pa malo a ntchitowo. Motero munthu amene adapuma m'boma pa zaka 60 angathe kupezeka kuti kwa bwana wake watsopano sanafikebe zaka zopumira. Chifukwa chake nkhani imeneyi iyenera kukambidwa tsiku loyamba, khasu lisanalowe m'nthaka, monga adachitira mwini munda wa mphesa uja. Mafunso ake ndi atatu. Kodi ndizidulidwa ndalama ya penshoni? Ngati ndi choncho, izipita ku thumba liti, ndipo nambala yanga kumeneko ndi iti? Ngati sindili pa penshoni, kodi pangano lathu likadzatha ndidzalandira chiyani, monga ndalama ya gratuity? Mayankho ake alembedwe pa pepala, bwana asaine, wantchito asaine, aliyense asunge lake. Makolo athu adati safunsa adadya phula.

Tikudziwa kuti ena a inu mumati: zaka zanga zatsala zochepa, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, bwanji angondipatsa yonse m'manja? Mawu amenewa amachokera m'njala yeniyeni, ndipo sitingawapepule. Koma kumbukirani kuti pa kwacha iliyonse imene inu muika, bwana ayenera kuikapo ziwiri. Mukagwirizana naye mobisa kuti asakuduleni, inu mwapulumutsa K5 koma mwataya K10, ndipo wopindula ndi iyeyo. Kumbukiraninso kuti ndalama ya m'thumba la penshoni siifa pamodzi ndi mwini wake. Imapita kwa anthu amene inu mudawalemba pa fomu, mkazi wanu, mwamuna wanu, kapena mdzukulu wamasiye uja.

Funso limeneli si la ku Malawi kokha, ndipo maiko amaliyankha mosiyana. Ku America munthu wogwirabe ntchito amadulidwabe msonkho wa Social Security ngakhale wayamba kale kulandira penshoni, ndipo zaka zoonjezerazo zingathe kukweza ndalama imene amalandira. Ku Britain wantchito akafika zaka zolandirira penshoni ya boma amaleka kudulidwa National Insurance, koma bwana wake amapitirizabe kupereka gawo lake. Njira ndi zosiyana, koma malamulo onsewa amakumana pa mfundo imodzi ndi lathu lino: ndalama imene yadulidwa pa malipiro a munthu iyenera kufika kumene idalembedwa kuti ipite.

Apa ndi pamene pagona chilonda chathu. Banki Yaikulu yakhala ikudandaula chaka ndi chaka kuti ndalama za penshoni zimene mabwana sadapereke ku matumba zafika mabiliyoni ambiri a makwacha. Pa kapepala ka malipiro palembedwa kuti ndalama yadulidwa, koma ku thumba sinafike. Kawirikawiri chinthu chimenechi chimayamba pang'onopang'ono. Alendo achepa pa malo ogona m'miyezi ya dzinja, makolo sanamalize fizi pa sukulu, fodya sanagulidwe bwino ku okushoni, ndipo bwana amati: tibwerekeko kaye ya penshoniyi, tibweza mwezi wamawa. Mwezi umasanduka chaka, chaka chimasanduka zaka zisanu. Ndipo wosavuta kumuchita zimenezi ndi wantchito wokalamba, pakuti amaona ngati kulembedwa kwake ndi chifundo cha bwana, ndipo amaopa kuti akafunsa, mawa pa malo pake padzakhala mnyamata.

Inu mabwana, eni ake a masukulu, a maesiteti, a masitolo ndi a malo ogona alendo, timvereni ndi mtima wofatsa. Mavuto a malonda ndi enieni. Koma ndalama imeneyo si yanu kuti muibwereke, pakuti mwini wake sadakubwerekeni. Kalata ya Yakobo Woyera, mutu 5, imachenjeza kuti malipiro obisidwa a anthu okolola amafuula mpaka kumwamba, ndipo Mpingo umawerengera kumana wantchito malipiro ake pakati pa machimo olirira kwa Mulungu. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yake ya Laborem Exercens ya chaka cha 1981, adaika penshoni ndi chitetezo cha pa ukalamba pakati pa maufulu a munthu wogwira ntchito. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2436, amaphunzitsa kuti kuzemba zopereka zotere, zimene boma lalamula mwa chilungamo, ndi kusalungama. Ndipo kuno kwathu, pa 8 Malichi 1992, Aepiskopi athu, pamodzi ndi Ambuye Alessandro Assolari amene adali Episkopi woyamba wa Mangochi, adatulutsa kalata ya m'nyengo ya Lenti imene idasindikizidwa ku Balaka, m'dayosizi yathu yomwe ino, ndipo mwa zina idadandaula za malipiro osakwanira a anthu ogwira ntchito. Chiphunzitso chimenechi ndi chathu, ndipo munthu amene amayandikira ku guwa Lamulungu ayenera kuyamba watsegula mabuku ake a malipiro.

Mpingo nawonso ndi bwana. M'maparishi mwathu muli ophika, alonda, oyendetsa galimoto ndi akalaliki. M'masukulu ndi m'zipatala za mishoni muli aphunzitsi ndi anamwino, ena mwa iwo opuma kale. Mulinso akatekisti amene atha njinga zingapo poyendera nthambi zakutali kwa zaka makumi atatu. Inu a komiti za chuma m'maparishi, pa msonkhano wanu wotsatira ikani funso ili pa mndandanda: kodi antchito athu onse ali ndi pangano lolembedwa, ndipo ya penshoni ya mwezi watha idapita? Mawu athu kwa mabwana ena adzakhala ndi mphamvu ngati mabuku athu ali oyera.

Koma ngakhale ndalama itafikadi ku thumba, mwini wake angathe kuitaya ngati sasunga umboni. Boma lathu la Mangochi lidaphunzira zimenezi mowawa. Kwa zaka zambiri amuna a kuno ankapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, imene pambuyo pake idatchedwa TEBA. Ulendo umenewu udaimitsidwa m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha Amalawi oposa 70. Udayambiranso m'chaka cha 1977, nkutheratu m'chaka cha 1988. Ambiri mwa amuna amenewo adali ndi ndalama zimene zinkasungidwa m'dzina lawo ku matumba a migodi. Zaka makumi zadutsa akuyendayenda kuzifunafuna. Wina mapepala ake adadyedwa ndi chiswe, wina dzina lake lidalembedwa molakwika, wina adaiwala nambala yake ya ku mgodi, ndipo ambiri adamwalira akudikira. Ana athu amene ali ku Joni lero amve zimenezi, ndipo ifenso amene tikugwira ntchito pakhomo pano timve. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chifukwa chake, inu akuluakulu ogwirabe ntchito, sungani kapepala ka malipiro ka mwezi uliwonse m'chikwama chimene mumasungiramo kalata ya ubatizo ndi ya ukwati. Chaka chilichonse pemphani sitetimenti ya ku thumba la penshoni, ndipo yerekezani ndi mapepala anu. Ngati maso atopa, mwana kapena katekisti akuwerengereni. Onetsetsani kuti dzina la pa fomu likufanana ndi la pa chiphaso chanu cha unzika. Onaninso maina a anthu amene mudawalemba kuti adzalandire inu mukadzapita, pakuti mwina ena adatsogola kale ndipo ena abadwa. Mukapeza kuti ndalama sikufika, yambani mwafunsa bwana mwaulemu, muli awiri kapena atatu. Akapanda kukonza, pitani ku ofesi ya za ntchito pa boma, kapena lembani kalata ku Banki Yaikulu. A Chilungamo ndi Mtendere m'parishi mwanu angathe kukuperekezani. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Munthu wofunsa za thukuta lake sanachimwire aliyense.

Tili ndi mawu kwa inunso ana ndi achibale. Lamulo la 2023 limalola wopuma kulandira theka la ndalama yake nthawi imodzi, pamene kale ankalandira magawo 40 pa 100, ndipo yotsalayo imabwera pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Tsiku limene ndalama yoyamba ija yatuluka, pakhomo pa gogo pamadzaza. Uyu akufuna mpamba wa usipa, uyu akufuna njinga ya moto ya kabaza, uyu akufuna pasipoti ndi thiransipoti ya ku Joni. Miyezi itatu isanathe ndalama yatha, alendo abalalika, ndipo gogo uja watenganso tochi ndi chibonga kubwerera ku ulonda. Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 3, limatilangiza kuchirikiza makolo athu pa ukalamba wawo ndi kuwapirira ngakhale nzeru zawo zitayamba kufooka. Lamulo lachinayi la Mulungu silidatiuze kuti tilemekeze makolo pa tsiku la malipiro lokha. Ngati bambo kapena mayi anu akugwirabe ntchito pa zaka 68, dzifunseni ngati akugwira mwa kufuna kwawo, kapena akugwirira inu amene muli ndi mphamvu.

Potsiriza tisaiwale kuti anthu ambiri a m'boma lino, limene kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu oposa miliyoni imodzi, sadalandirepo kapepala ka malipiro chibadwire. Msodzi amene wakalambira pa bwato, alovi amene akoka khoka la mwini wake mpaka msana kupindika, mayi amene wayanika usipa pa thandala zaka makumi anayi, mlimi wa chimanga ndi nandolo: onsewa alibe tsiku lopuma, alibe thumba. Kale penshoni yawo idali nyanja ndi ana. Lero chambo chachepa m'Malombe ndi m'nyanja yaikulu, ndipo ana ali kutali. Lamulo la 2023 lidatsegula khomo loti munthu wodzilemba yekha ntchito azitha kudzisungira mwa kufuna kwake ku thumba la penshoni, ndipo amene mukadali ndi mphamvu ganizirani zimenezi, pambali pa mabanki a m'khonde amene mumawadziwa kale. Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, amafika kwa mabanja osaukitsitsa okha, osati kwa okalamba onse. M'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Maiko ena osalemera adapita patsogolo: Lesotho idayamba kupereka penshoni ya boma kwa okalamba a zaka 70 m'chaka cha 2004, ndipo Zanzibar idachita chimodzimodzi m'chaka cha 2016. Nkoyenera kuti ife monga nzika tizifunsa aphungu athu za nkhani imeneyi.

Koma pamene tikudikira boma, mphakati uli pafupi kuposa likulu. Sabata ino, pa msonkhano wa mphakati wanu, werengani okalamba a m'mudzi mwanu, akhristu ndi anansi athu achisilamu omwe, pakuti ukalamba susankha chipembedzo. Dziwani amene akugwirabe ntchito yolembedwa, ndipo muwathandize kufunsa mafunso atatu aja. Dziwani amene alibe chilichonse, ndipo mugawane masiku owatungira madzi, owafolerera denga mvula isanagwe, ndi owaperekeza ku chipatala. Mutu umodzi susenza denga. Papa Fransisko, m'chaka cha 2021, adakhazikitsa tsiku lokumbukira agogo ndi okalamba pa Lamulungu lachinayi la mwezi wa Julayi. Tsiku limenelo lidzakhala ndi tanthauzo m'parishi mwathu ngati miyezi ina yonse takhala tikuwayendera.

Abale ndi alongo, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dziko limene limadya mbewu ya okalamba ake likuphunzitsa achinyamata kuti kukhulupirika pa ntchito nkupusa. Tiyeni tipemphe Mulungu, mwini munda weniweni, kuti apatse mabwana mtima woopa Iye, apatse antchito okalamba mphamvu ndi kulimba mtima, apatse ana chikondi chosayang'ana m'thumba, ndipo atipatse tonse chisomo choti madzulo a moyo wathu akadzafika, tidzapezeke opanda ngongole ya thukuta la mnzathu. Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazarete ndi nkhoswe ya anthu ogwira ntchito, atipempherere.

Mulungu Wamphamvuzonse akudalitseni, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera. Amen.